Mawailesi Akubwerabe kwa a Kaitano

Ku Sakubva konse, kuyambira pamsika mpaka kumanyumba a kunjanji, palibe amene analandirapo moni wolunjika kwa a Kaitano. Ukawaona patali n'kukweza mawu kuti, "Muli bwanji achimwene?" iwo ankaima, n'kutchera khutu ngati akumvetsera mvula ya kuphiri, kenaka n'kuyankha kuti, "Ndinali bwino pamene mawu angawa amanyamuka. Za mmene ndilili pamene akukufikani, sindingalonjeze."

Alendo ankayang'ana uku ndi uku kufuna wowamasulira. Amanyika oyandikana nafe ankangopukusa mitu, amvekere, "Mabhurandaya awa," dzina limene ankatitcha ife Anyasa. Koma ife amene tinakhala nawo muno m'Mutare zaka za Chitaganya tinkadziwa kuti mkuluyo sanali wamisala. Anali munthu amene anawerenga buku limodzi mopitirira muyeso.

Bukulo linali lopanda chikuto, lonenepa ngati njerwa ziwiri. A Kaitano anachoka ku Ntcheu atalekeza Sitandade 5, nagwira ntchito kunjanji zaka makumi awiri akunyamulira makwerero mzungu wina wa mawaya. Mzunguyo pobwerera kwawo anagawa katundu: wina analandira jekete, wina njinga yopanda tcheni, a Kaitano analandira buku. Masamba ambiri anali odzaza zizindikiro ngati popalasa nkhuku. Mutu umodzi wokha ndiwo unawalowa, ndipo utalowa unatseka chitseko.

Mmene ankafotokozera iwo, m'waya muli tinjere ta magetsi tosaoneka ndi maso, ndipo kanjere kalikonse kali ndi chikoka chake chimene chimafalikira mbali zonse, chikunka chifooka. Kanjere kakasuntha, amene ali patali sadziwa nthawi yomweyo. Uthenga uyenera kuyenda, ndipo ngakhale umathamanga liwiro la kuwala, ulendo ndi ulendo basi. Choncho wakutali amamva kanjere pamene kanali, osati pamene kali.

"Nanga kuchedwako n'kwa masiku angati?" anafunsa tsiku lina a Yoswa, wapampando wa bungwe lathu la maliro, munthu wa chipewa ndi wotchi ya m'thumba.

"Kuchokera ku Lusaka kudzafika muwailesi iyi, sikukwana n'kuphethira komwe."

"Ndiye mukutivutitsiranji?"

"Kuchedwa ndi kuchedwa, achimwene. Sitima ikachedwa pang'ono, mumati yafika pa nthawi yake?"

"Sitima ikachedwa pang'ono chabe timapita kutchalitchi kukathokoza."

Amene ankamva maphunzirowa m'mawa, masana ndi madzulo anali akazi awo, a Tecla, mayi wamfupi wosayankhulayankhula, amene anthu ambiri ankawadziwa ngati dzanja lotulutsa tiyi kuseli kwa katani.

A Kaitano atasiya za kunjanji analembedwa kukhala wosamala wailesi yaikulu ya muholo ya lokeshoni. Ntchitoyo inali yaing'ono, koma ndiyo inagwira nyumba. Masiku amenewo khadi la nyumba linkalembedwa dzina la mwamuna wa pantchito, ndipo mwamuna akafa khadi linkafa naye. Pamenepo bungwe la a Yoswa linkachita chimene linkati chifundo: kumangira wamasiye mtolo, kumupezera tikiti, n'kumukweza sitima yopita ku Nyasalande. A Tecla anali atamanga ndi manja awo mitolo ya amasiye asanu ndi mmodzi. Iwo eni anachoka kwawo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mayi awo anamwalira, azichemwali awo anamwalira, munda unatengedwa kalekale. Kuno anali ndi mtengo wa mapeyala wobzala okha, manda a mwana wawo woyamba, ndi mwana wamkazi, Abigail, amene anakwatiwa ku Wankie m'chipinda chimodzi cha kumgodi. Sitima imeneyo ankaiopa kuposa imfa, koma sanauzepo munthu.

Kuseli kwa nyumba kunali kashedi ka malata kolembedwa kuti KAITANO, DOTOLO WA MAWAILESI. Kunkabwera mawailesi a batire aja ooneka ngati sefuliya. Kunkabweranso ena apamwamba ochokera kumayadi a azungu ku Greenside ndi ku Morningside, atabisidwa m'dengu la wophika amene anagwetsa wailesi ya dona popukuta fumbi ndipo akufuna ibwerere pashelefu dona asanabwere kutauni. Lachisanu lililonse a Laison, woyendetsa lole ya matabwa, ankafika ndi thumba la mawailesi ochokera m'makomboni a m'nkhalango za paini ku Imbeza.

Dotolo ankalandira odwala pakhomo. Ankaigogoda wailesi, n'kuinunkhiza, n'kuifunsa pamene ikumva kupweteka. Koma wokoleza mbaula yotenthetsera chitsulo chowotcherera anali a Tecla. Wokulunga waya woonda ngati tsitsi, akuwerenga mizere chamumtima kwinaku akuyang'anira nyemba pamoto, anali a Tecla. Wosenza mabatire, wogwira makwerero pamene amuna awo akumanga waya pamtengo, wosesa timisomali totayika n'kutisankhula m'zitini, anali omwewo. Ndipo maso a Kaitano atayamba kuchita ng'ala cha m'ma 1955, ntchito yonse inatsetserekera kuseli kwa katani mwakachetechete, ngati madzi opita kumunsi. A Kaitano anatsala ndi chikwangwani ndi pakamwa.

Pakamwapo ndiye panali pa mudzi wonse. Loweruka masana timu yathu ikamasewera, iwo sankakhala ndi anzawo m'mbali mwa bwalo. Ankakwera pachulu chakutali kuti aziona phazi likumenya mpira, phokoso lake n'kumabwera pambuyo. "Mwaona?" ankafunsa mbuzi zodya msipu pamenepo. Chigoli chikalowa bwalo lonse linkaphulika, azimayi nthungululu, zipewa m'mwamba. Phokoso likatha, mpira utabwerera pakati, m'pamene kuchulu kunkachokera liwu limodzi lodekha: "Chigoli." Maso atafooka sanasiye. Ankamvera phokoso, n'kudikira, n'kulengeza. Zinafika poti woyimbira sankayambitsanso mpira a Kaitano asanavomereze. Tsiku lina anagona ndi chimfine, ndipo osewera anaima pakati pa bwalo akuyang'ana kuchulu, mpaka kapitawo wa timu anayenda yekha kukafunsa kunyumba ngati chigolicho chiwerengedwe.

Makalata ndiwo ankawayambanitsa ndi a Yoswa. A Yoswa anasiya akazi awo ku Dedza, ndipo kalata ikabwera ankazungulira nayo lokeshoni yonse.

"Akuti, 'Kuno tonse tili bwino.'"

"Tandipatsani envulopuyo. Mayi a Abigail, chidindochi chikuti chiyani?"

"Pa 3 mwezi watha," linayankha katani.

"Anali bwino pa 3 mwezi watha."

"Achimwene, mukuwatemberera akazi anga?"

"Ayi. Mwina panopa ali bwino koposa. Inu mumatiuza kuti mayiwo ndi owonda ngati bango. Bangolo munaliona liti?"

"Mu 1949."

"Ndiye mukukonda munthu wa mu 1949. Mukapita mukapeza wina. Mukamupatse moni waulemu."

A Yoswa anapitadi kutchuthi chaka chotsatira, nabwerako ali ndwii. Atawaumiriza anangoti mayiwo ali bwino kwambiri, ndipo khomo la nyumba analikulitsa. Amuna anaseka mpaka misozi. A Tecla, amene ankatsuka makapu, sanaseke. Ankaganiza za mudzi wawo wa mu 1934, umene m'mutu mwawo unali udakali ndi mayi awo pakhonde.

Chiphunzitso chimene chinawathera sopo wambiri chinali cha kugwedezeka. Lolemba lina a Kaitano anasonkhanitsa amuna asanu amene anabwera kudzatenga mawailesi, namasula mbali imodzi ya chingwe choyanikira, zovala zili pomwepo.

"Taonani. Ndikamayenda mofatsa chonchi, kumapeto uko kukumva chiyani?"

"Palibe."

"Kanjere koyenda mofatsa n'chimodzimodzi. Apafupi amakamva, koma patali mphamvu yake imazilala msanga. Tsopano taonani kakagwedezeka."

Anakoka chingwe mwadzidzidzi. Funde linathamanga m'chingwemo likudumphitsa malaya, mathalauza ndi nsalu za patebulo la kutchalitchi, mpaka linakagunda pamtengo wa mapeyala. Zonse zinagwera m'matope.

"Ndi mmene Lusaka amatifikira," anatero monyadira. "Chokhala phee ndi choyenda mofatsa n'za pafupi. Chofika kutali ndi chogwedezeka."

Amuna aja anaomba m'manja, nanyamula mawailesi awo n'kumapita. A Tecla anatola zovala, napita kukatunganso madzi kumpopi, mtunda wa nyumba khumi ndi ziwiri.

A Laison ndiwo ankawakonda kwambiri maphunzirowa, ndipo ankawanyamula pa lole kukagawira anthu a m'mapaini. Anaphunzira kuti kanjere kobwera kwa iwe kamamveka kamphamvu kuposa kopita. "N'chifukwa chake apongozi akamabwera amaoneka aatali, akamapita aafupi," anatero a Kaitano, ndipo a Laison anatsala pang'ono kumeza supuni. Atapuma anati, "Madala, ku Imbeza konse amati manja anu ndi agolide. Wina akuti mwana akabadwa wamwamuna adzamutcha Kaitano."

A Tecla anali akuika kapu patebulo. Zala zawo zinali ndi timabala toyera ta mtovu wotentha, takale ndi tatsopano. Mlendo atapita a Kaitano anakhosomola.

"Mayi a Abigail, bukuli limati tinjere tikakhala tambiri pamalo amodzi, wakutali amationa ngati kanjere kamodzi. Sasiyanitsa. Si ine, ndi buku."

"Buku lanulo linachapapo nsalu za kutchalitchi?"

"Silinena."

"Ndiye likhale."

Mu Okutobala 1961 bungwe linakweza sitima a Vaileti, wamasiye amene a Tecla anakhala naye khomo ndi khomo zaka khumi ndi zinayi. Mtolo anamanga ndi a Tecla. Kamba wapaulendo anaphika ndi a Tecla. A Yoswa anayankhula mawu abwino papulatifomu, akuti mlongo wathu akubwerera kwawo kukapuma, pamene mlongoyo anali atagwira zenera ndi manja awiri, akuyang'ana mapiri a Mutare ngati awameze. Pobwerera a Kaitano anagwira chigongono cha akazi awo, poti njira sankaionanso bwino. Maso analibe, koma dzanja linamva.

"Mukunjenjemera."

"Ndi mphepo."

"Mu Okutobala?"

Atafika pamlatho a Kaitano anafunsanso.

"Kwanu kuja kulipo?"

"Kulibe."

"Ndinaphunzitsa Yoswa pamaso pa anthu, wa m'nyumba mwanga osamuwerengera." Anaima pakati pa msewu. "Vuto lanu, mayi, mumayenda mofatsa. Ofesi ili patali, siingakumveni."

"Yendani, mugundidwa ndi njinga."

A Tecla anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Akanadziwa akanabisa pulayala yodulira mawaya.

Mu Disembala woyang'anira lokeshoni, mzungu wamtali wa kabudula, analengeza kuti Loweruka madzulo abwera ndi alendo ochokera ku Salisbury kudzaona mmene anthu amamvera wailesi muholo. Inali nthawi ya pulogalamu ya moni wochokera kumudzi, imene Anyasa sitinkaiphonya ngakhale pa maliro. Holo inadzaza mpaka m'mazenera. Azimayi anaikidwa kukhitchini kuti aphike tiyi wa alendo ndi kudula buledi, ndipo a Tecla anali pamadzi otsukira. Woyang'anira anayankhula, a Yoswa anamasulira motalikitsa, kalaliki wa ofesi anapotokola batani. Wailesi inangoti zii.

Anapotokolanso. Anaimenya pambali. Alendo anayamba kuyang'ana mawotchi.

"Kaitano ali kuti?"

A Kaitano analowa pang'onopang'ono, manja onse awiri atakulungidwa nsanza, lililonse lalikulu ngati dzungu.

"Ndapsa, bwana. Mbaula."

"Ndiye wailesiyi aikonza ndani?"

"Alipo mmisiri. Ali kukhitchini."

A Tecla anatulutsidwa manja ali a thovu. Holo yonse inang'ung'udza. A Yoswa anavula chipewa n'kuvalanso. "Achimwene, munthu wamayi agwire wailesi ya muholo, alendo akuona? Mukufuna tonse atiseke?"

"Atiseka kale, achimwene. Uthenga wake sunakufikeni chabe."

Zaka zonsezi a Tecla sanaimepo kutsogolo kwa anthu, ngakhale kuwerenga vesi. Anayandikira amuna awo ngati akuona mabala, nanong'ona, "Mwachita chiyani?"

"Musaope. Ndinabwera m'mawa. Ndangodula kawaya kamodzi kofiira, kumanzere. Chitsulo chili m'thumba la jekete. Mungolumikiza, mphindi imodzi."

A Tecla anatsegula kumbuyo kwa wailesi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Abigail."

"Ee."

"Mwadula mawaya anayi. Palibe wofiira. Ndipo kumanzere simunafikeko."

Munthu amene anakonza chiwembu chonsechi mosamala anaiwala chinthu chimodzi, choti wodula wayayo saona.

Apa mantha a Tecla anatha, mkwiyo utawalowa m'malo. Anapukuta manja pa epuloni. Anaitana mbaula ya kukhitchini, ketulo ya alendo n'kuikidwa pansi. Anauza kalaliki kuti agwire tochi, ndipo atagwira molakwika anamukonza dzanja ngati wogwira mwana wa sukulu. Mawaya awiri anali osavuta. Wachitatu unali utafupika, ndipo anaulumikiza ndi kachidutswa kochokera m'thumba la epuloni, mmene munkakhala zinthu zotere pamodzi ndi zipini. Wachinayi unali wa kakoyilo, kampukutu kaja ka waya woonda, ndipo pulayala inali itakaphwanya. Anakamasula konse, nayamba kukulunganso, milomo ikuwerenga. Mmodzi wa alendo, amene ankaoneka kuti amazidziwa, anasiya mpando wake nadzagwada pambali pawo.

Anthu mazana atatu anakhala chete. Chodabwitsa koposa, a Kaitano nawonso anakhala chete, mphindi makumi awiri ndi zisanu zathunthu. Akuluakulu amati sizinachitikepo ngakhale ali m'tulo.

A Tecla anatseka wailesi, napotokola batani. Inalira tsiii, inatsokomola, kenaka mawu a ku Lusaka anadzaza holo, akupereka moni kwa munthu wina wa ku Gatooma kuti mbuzi zake zaswa. Sitikumudziwa munthuyo, koma mbuzi zake tinaziombera m'manja ngati zathu.

Woyang'anira anafunsa kuti mayiyu wakhala akuchita zimenezi kuyambira liti.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, bwana," anayankha a Kaitano. "Wailesi iyi, ndi onse amene amatuluka m'shedi mwanga. Ine maso anatha. Nkhope yanu sindikuiona, ndikungomva kuti ndinu wamtali. Uthenga wangochedwa kukufikani, poti ofesi yanu ili patali. Ntchitoyi mulembe dzina lawo, ndi khadi la nyumba lomwe."

A Tecla anaona ngozi nthawi yomweyo. Mwamuna wawo anali atangoulula pamaso pa ofesi kuti sangathenso ntchito imene inagwira nyumba. Mzunguyo akanatha kuwatulutsa onse awiri mwezi womwewo. Woyang'anirayo anayang'ana wailesi, anayang'ana mlendo uja amene ankagwedeza mutu movomereza, nati, "Tiona." Pamenepo wina anapatsa a Kaitano kapu ya tiyi, ndipo poilandira dzungu limodzi linagwa pansi, dzanja n'kuoneka losalala ngati la khanda.

Panjira a Tecla sanawagwire chigongono. Anawasiya azitsatira phokoso la mapazi.

"Mwagwedezeka bwino, mayi."

"Mukanatigonetsa panja."

"Mwina. Koma Salisbury wamva."

"Mawa mukachape nsanza zimenezo nokha."

Anachapadi, kwa nthawi yoyamba m'moyo, ndipo a Tecla anazichapanso iwo atagona masana.

"Tiona" uja anakhala Januwale, Febuluwale, mpaka dzinja linapita. Palibe anawatulutsa, palibenso pepala linabwera. A Tecla ankapita kuholo Loweruka lililonse kukapukuta wailesi poyera tsopano, khadi likadali la amuna awo. A Kaitano ankati, "Lili m'njira." Koma anayamba kuwonda, ndipo chulu chija ankachikwera mopumira kawiri.

Anamwalira Lachisanu lina m'mawa mu Julaye 1962, atakhala padzuwa pakhomo la shedi, akufotokozera a Laison kuti dzuwa limene akuothalo ndi la mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo. "Moti litazima panopa," anatero, n'kuima. A Laison anadikira kuti amalize, poganiza kuti ndi kuchedwa kwa masiku onse. Anadikira nthawi yaitali. Amene anazindikira ndi a Tecla, atamva kuti kunja kwakhala chete.

Maliro ake anali aakulu. Osewera mpira ananyamula bokosi. Abigail anafika atawaika kale, chifukwa telegalamu inachedwa, ndipo anthu ankalira uku akuseka kuti mkuluyo akanakondwa nazo. Patatha sabata ziwiri a Yoswa anafika, chipewa kumanja, nakhala pampando wa malemu.

"Alamu, bungwe lakumana. Pepala lija silinabwere, ndiye khadi ndi la malemu. Tisadikire kuti adzakutulutseni ngati akuba. Pali sitima Lachinayi. Azimayi abwera mawa kudzakuthandizani kumanga."

Sanali munthu woipa, a Yoswa. Anali atayenda maulendo atatu kusiteshoni ndi miyendo yawo yotupa. A Tecla anawapatsa tiyi, nawathokoza, nawaperekeza mpaka pampanda. Kenaka anaima pansi pa mtengo wa mapeyala akuyang'ana chingwe choyanikira. Moyo wawo wonse anayenda mofatsa, osagunda munthu, osataya madzi.

M'mawa mwake azimayi omanga mtolo anapeza chitseko chotseka. A Tecla anali paofesi ya lokeshoni, atavala zakuda, atakhala pabenchi kuyambira isanatsegulidwe. Kalaliki anawauza kuti bwana atanganidwa. Anadikira. Cha m'ma 11 anawauza kuti abwere sabata yamawa.

"Sitima ndi Lachinayi."

"Ndiye mulembe kalata mukafika, amayi."

A Tecla anapisa m'thumba la epuloni, natulutsa chitsulo chowotcherera, namenya nacho pakauntala. Kamodzi kokha. Botolo la inki linadumpha, zidindo zinagubuduzika, mulu wa mapepala unagumukira pansi, ndipo chitseko cha mkati chinatseguka.

Woyang'anira anawazindikira. "Mayi wa wailesi. Bwanji? Pepala lanu ndinasaina kalekale."

Kalaliki anagwada n'kuyamba kutola mapepala aja, ndipo pansi penipeni, pamene pankakhala kapu yake, panali pepala lokhala ndi chizindikiro chozungulira cha tiyi. A Tecla analilandira ndi manja awiri. Asanawerenge n'dzina lomwe, anayang'ana chidindo, monga anazolowera. Chinali cha pa 9 Malichi.

Anapita nalo kwa a Yoswa, amene analiwerenga kawiri, kachiwiriko mokweza.

"Ndiye kuti nyumbayi yakhala yanu miyezi inayi."

"Ee."

"Ndiye kuti achimwene anamwalirira m'nyumba ya eni."

"Anali mlendo wabwino," anatero a Tecla. "Kungoti wolongolola."

A Yoswa anaseka, kenaka anabisa nkhope m'chipewa. Tikiti anakabweza okha.

Chikwangwani chija chidakalipo. A Tecla anangowonjezera dzina lawo pansi pake ndi penti yotsala, zilembo zazing'ono zowongoka bwino. A muno m'Sakubva tonse timadziwa, ndipo amuna amene kale ankangopereka wailesi pakhomo tsopano amavula chipewa. Koma a Laison amabwerabe Lachisanu ndi thumba lawo, ndipo mawailesi ochokera m'makomboni a m'kati mwa mapaini, kumene lole imafika kamodzi pa mwezi, amakhala ndi kapepala komangirira ndi luzi: Kwa a Kaitano. Ena amalembanso moni. Wina analemba kuti mwana uja anabadwa, ndipo dzina anamupatsadi.

"Ndiwauze, amayi?" anafunsa a Laison.

A Tecla anakumbuka zimene ankamva kuseli kwa katani. Kanjere kakamayenda mosasintha, akutali amaloza bwinobwino pamene kayenera kukhala. Kakaima mwadzidzidzi, iwo amalozabe kutsogolo, ngati kakuyendabe, mpaka uthenga uwapeze.

"Asiyeni. Kumeneko akadali moyo. Uthenga ufika wokha."

Lokeshoni yathu masiku ano moni wake ndi wachangu. Ukati "Muli bwanji?" munthu amangoti "Ndili bwino," ngati akudziwadi. Makalata amawerengedwa popanda woyang'ana chidindo. Pachulu paja pamangokhala mbuzi. Koma Loweruka masana, a Tecla akakhala m'shedi, chitsulo chili pambaula, phokoso la kubwalo limawapeza kudutsa madenga onse aja, litachedwa pang'ono monga mwa lamulo. Limakwera, limatsika, kenaka pamabwera kachetechete kena kamene alendo sakamvetsa, anthu onse atatembenukira kuchulu kuja, woyimbira atagwira wezulo osaiomba.

A Tecla amaika waya pansi. Amadikira mpaka mpira ubwerere pakati. Ndiye amanena motsitsa, kwa mawailesi a patebulo, "Chigoli."